Madzi akuda a m'fakitale: amapha nsomba mumtsinje, koma muli chakudya cha mbewu



Ine ndikulemba kuchokera kumtunda kuno, dera la Mitundu, moyang'anana ndi mapiri a Dzalanyama. Mwina wina afunsa kuti, nanga shehe wa kumtunda, wosadziwa ngakhale kugwira nkhafi, atiuza chiyani ife za madzi? Mundilole ndiyankhe chonchi: ena mwa madzi amene inu mumaponyamo chilimira amayambira kwathu kuno. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri a Dzalanyama, umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, umadutsa mkati mwa mzinda, kenaka nkukathira mu Linthipe. Diamphwe nayenso amachokera m'mapiri omwewa nkukakumana ndi Linthipe yemweyo. Ndipo Linthipe amakathera m'nyanja ku Salima. Tsono chimene chatayidwa m'madzi kumtunda kuno, tsiku lina chimakapezeka pa mbale yanu.

Lachisanu lina titatha Jumu'ah, m'bale wina amene amapikula usipa ku Nkhotakota nkumadzagulitsa pamsika wa Mitundu anandiimitsa pakhomo la mzikiti. Anati, "Shehe, ndamva kuti mafakitale opanga ethanol kuchokera ku nzimbe akufuna kumapanga feteleza ndi madzi awo oipa aja. Nanga madzi oti amapha nsomba angadyetse bwanji chimanga? Komanso feteleza woteroyo ndi halali, pomwe wachokera kumene amatchezako mowa?" Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndinayamba ndafunsa kwa anthu amene anaphunzira za nthaka ndi za nsomba ku Bunda, poti ndi pafupi ndi kwathu, ndinawerenganso mabuku athu a fiqhi. Zimene ndapeza ndizo ndikugawana nanu pano.

Tiyambire pa chidulo

Palibe mayi wa kumudzi amene sadziwa chidulo. Amatenga zitsononkho, kapena masangwi a mtedza, kapena makoko a nthochi ouma, nkuwotcha. Phulusa lija amaika m'chitini chobowola kunsi, nkuthira madzi pamwamba. Madzi amene amadontha kunsi aja ndiwo amafewetsa therere ndi nkhwani. Funso nali: chimene chimafewetsa ndiwocho chachokera kuti? Chinali m'nthaka. Chimanga chinachikoka ndi mizu, chinakakhala m'chitsononkho, moto sunathe kuchipsereza, madzi nkuchisungunula. Dzina lake ndi potashi. Agogo athu ankatenga chinthu chotayidwa, nkuchotsamo mchere wofunika, chotsalacho nkutaya kudzala.

Ntchito imene ndikufuna kufotokozayi ndi yomweyo, kungoti ikuchitika m'mathanki akuluakulu. Madzi amene atuluka m'fakitale amakhala atanyamula zinthu zosungunuka. Akatayidwa mumtsinje zinthuzo zimaononga. Akazipatula nkuziika pazokha, zina mwa izo zimakhala katundu wogulitsa, ndipo madziwo amatsala oyererako, otha kugwiritsidwanso ntchito.

Ulendo wa nzimbe

M'dziko muno muli mafakitale awiri akuluakulu a ethanol. Ina ndi Ethanol Company, imene ambiri amangoti EthCo, ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, yomwe inayamba m'chaka cha 1982. Ina ndi PressCane ku Chikwawa, yomwe inayamba mu 2004. Onse awiri amadalira chotsala cha kufakitale ya shuga, wina ya ku Dwangwa komweko, wina ya ku Nchalo.

Zimayenda motere. Nzimbe amazifinya, madzi ake amawaphika mpaka shuga atagwirana timibulu. Chotsala ndi uchi wakuda wonata umene amautcha molasesi. Molasesi ameneyu amamusungunula ndi madzi, amathiramo yisiti, nkumusiya kuti awire. Akawira amamutenthetsa, ethanol nkutuluka ngati nthunzi, iwo nkumuwakha. Ethanol ameneyu ndi amene amasakaniza ndi petulo wa m'galimoto ndi njinga zamoto, ndipo Malawi wakhala akuchita zimenezi kuyambira 1982. Wina amapita kuzipatala, wina kumafakitale a zakumwa zoledzeretsa. Za ameneyu tikamba kutsogoloku.

Ethanol akachoka, m'thanki mumatsala madzi akuda ngati khofi, otentha, owawasa, a fungo lamphamvu. A sayansi amawatcha vinasse. Ndipo si ochepa ayi. Pa lita imodzi ya ethanol pamatsala malita 10 mpaka 15 a madzi amenewa. Mukadzaza chigubu chimodzi cha malita 20 ndi ethanol, dziwani kuti kuseri kwatsala madzi akuda odzaza mgolo wathunthu wa malita 200, mwinanso kuposa. Fakitale imagwira ntchito usana ndi usiku, miyezi yambiri pachaka. Ndiye muone kuchuluka kwake. Njira yakale inali yongowasunga m'maiwe okumba kuti dzuwa liwaumitse. Koma dziwe limadzaza, mvula ikachuluka limasefukira, fungo nalo silimva malire a munda. Nchifukwa chake kwa zaka zingapo nyuzipepala zakhala zikulemba madandaulo a anthu okhala pafupi ndi maiwe otere ku Chikwawa.

Chimene chimapha nsomba

Ambiri timaganiza kuti nsomba zimafa chifukwa zamwa poizoni. Pa madzi a nzimbe awa nkhani yake ndi ina pang'ono. Nsomba zimafa ndi kubanika.

M'madzi muli mpweya wosungunuka, umene nsomba imakoka kudzera m'makha mwake. Mpweyawo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene tikupuma ife kumtunda. Madzi akuda aja ali ndi zotsalira zambiri za nzimbe ndi yisiti, zomwe ndi chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Akangolowa mumtsinje, tizilomboto timapeza phwando, timaswana mwamsanga, ndipo pakudya timatha mpweya wonse wa m'madzimo. Nsomba zimayamba kubwera pamwamba, kukamwa yasa, kenaka mimba m'mwamba. Mphamvu ya madzi amenewa yothera mpweya imaposa ya madzi a m'zimbudzi za m'tauni pafupifupi ka 100.

Inu asodzi mukudziwa bwino kuposa ine kuti nsomba sizipirira mofanana. Mlamba umatha kutulutsa mutu nkumeza mpweya wa kunja, ndiye umakhalitsa. Koma mpasa ndi sanjika, zimene zimakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana, zimafuna madzi oyera othamanga. Mazira ndi tiana ta nsomba ndiye sizichedwa nkomwe. Vutoli limakula m'miyezi yotentha, October ndi November, pamene mtsinje waphwa ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Limakulanso m'bandakucha, chifukwa usiku wonse zomera za m'madzi zimakhala zisakutulutsa mpweya. Kuda kwa madziwo kumatchinganso dzuwa, ndipo kuwawasa kwake kumaotcha makha.

Ndiye mwaonatu, chimene chikupha nsombacho kwenikweni ndi chakudya chochuluka chimene chagwera pamalo osayenera.

Nambala yachitatu pa thumba la feteleza

Tengani thumba la feteleza wokulitsa muwerenge manambala ake. Tonse tinakula ndi Chitowe, 23:21:0+4S. Nambala yoyamba ndi nayitrojeni, wobiriwitsa masamba. Yachiwiri ndi fosifolasi, wa mizu. Yachitatu ndi potashi, ndipo pa Chitowe panali 0. Kwa zaka zambiri tinkakolola chimanga, kutentha mapesi, kuchotsa potashi m'munda popanda kubwezeramo. Masiku ano thumba lokulitsa limalembedwa 23:10:5+6S+1Zn, kusonyeza kuti akatswiri anaona kuti nthaka yathu m'madera ambiri yayamba kumusowa.

Potashi amalimbitsa phesi kuti chimanga chisagwe ndi mphepo, amathandiza mbewu kupirira ng'amba, amadzazitsa chitsononkho mpaka kunsonga. Akasowa, masamba akale a m'munsi amapserera m'mbalimbali ngati awauka ndi moto. Mbewu zokonda potashi kwambiri ndi chinangwa, mbatata, mbatatesi, nthochi, tomato ndi fodya. Inu a ku Nkhotakota amene nsima yanu ndi kondowole, dziwani kuti chinangwa chimachotsa potashi wambiri m'munda chaka ndi chaka.

Potashi wa m'matumba sitikumba kuno. Ambiri padziko lapansi amachokera ku Canada, Russia ndi Belarus. Amayenda pa sitima zapamadzi mpaka ku Beira kapena ku Nacala, kenaka pa malole kapena pa njanji, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu limazisowa. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022 tonse tinaona mmene mtengo wa feteleza unakwerera.

Tsono tibwerere ku nzimbe. Nzimbe ndi mbewu yodya potashi kwambiri. Akaifinya, potashiyo amapita m'madzi ake. Shuga woyera uja samutenga, amatsala mu molasesi. Ethanol nayenso samutenga, poti potashi sauluka ndi nthunzi. Ndiye yense amathera m'madzi akuda aja. Potashi wa minda yonse ya nzimbe ya ku Dwangwa ndi ku Nchalo amakasonkhana pamalo amodzi, m'madzi amene tinkawaona ngati nyansi. Dziko likugula potashi kutsidya la nyanja zikuluzikulu, wina ali phee m'dziwe ku Dwangwa.

Amapatula bwanji?

Pali masitepe angapo, ndipo fakitale imasankha malinga ndi ndalama zake.

Choyamba ndi kuchotsamo gasi. Madzi aja amawalowetsa m'thanki yaikulu yotsekedwa, mosalowa mpweya. Mmenemo muli tizilombo ta mtundu wina, tofanana ndi timene timakhala m'chifu cha ng'ombe, timene timadya zotsalira zija nkumatulutsa gasi woyaka. Ndi gasi yemwe uja amene ena akupanga ndi ndowe pakhomo nkumaphikira. Fakitale imayatsa gasiyo kuti ipeze nthunzi ndi magetsi. Apa phindu ndi lapawiri: mafuta apezeka, komanso chakudya chija chimene chikanakatha mpweya mumtsinje chadyedwa kale m'thanki. Ife a kuno amene taona nkhalango ya Dzalanyama ikutha ndi makala, nkhani ya moto wochokera m'zinyalala timaimvetsera ndi makutu onse awiri.

Chachiwiri ndi kuphwetsa. Madzi otsalawo amawaphika m'miphika yachitsulo yolumikizana, mwakuti nthunzi ya mphika woyamba ndiyo imatenthetsa wachiwiri, ya wachiwiri nkutenthetsa wachitatu, kuti moto usaonongeke. Nthunzi ija akaiziziritsa imasanduka madzi oyera, amene amawasefanso nkuwabwezera m'fakitale. Pansi pamatsala phala lakuda lokhuthala, momwe muli potashi yense.

Chachitatu ndi kusandutsa phalalo kukhala chinthu choti mlimi anganyamule. Ena amalisakaniza ndi matope otsala posefa madzi a nzimbe kufakitale ya shuga, nkumatembenuza milungu ingapo mpaka litapsa ngati manyowa a kompositi. Ena amaliumitsa nkupanga timibulu tothira m'thumba. Enanso amaliwotcha m'ng'anjo pamodzi ndi zotsalira za nzimbe zofinya, nkutenga phulusa lake. Phulusa limenelo ndi chidulo chenicheni, potashi wochuluka. Ku India njira imeneyi yakula, moti mu 2021 boma la kumeneko linaika potashi wochokera ku molasesi pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo.

Pali njira inanso yosavuta, imene dziko la Brazil limagwiritsa ntchito kwambiri. Kumeneko kale ankangotayira madziwa m'mitsinje, nsomba nkumafa, mpaka boma linaletsa mu 1978. Kuchokera apo anayamba kuwabwezera m'minda ya nzimbe kudzera m'ngalande, m'mapaipi ndi m'magalimoto a mathanki. Koma amachita moyeza. Amayamba apima nthaka kuti aone potashi amene alimo kale, nkuwerengera mlingo wothira pa hekitala, ndipo sathira pafupi ndi mtsinje kapena chitsime.

Kwathu kuno makampani onse awiri, EthCo ndi PressCane, analengeza ntchito zomanga makina oyeretsera madzi amenewa ndi kupangira feteleza. Ndi njira yoyenera. Koma makina otere ndi odula, amafuna magetsi osadukaduka, zipangizo zosinthira zochokera kunja, ndi anthu odziwa kuwayendetsa. Makina akaima tsiku limodzi fakitale ikugwirabe ntchito, madzi akuda aja ayenera kupita penapake. Nchifukwa chake anthu oyandikana ndi fakitale asagone tulo poti amva kuti makina afika.

Si nzimbe zokha, ndipo si madzi onse abwino

Nzeru yomweyi ikugwira ntchito pa madzi a mitundu ina. Madzi a m'zimbudzi za mumzinda, ngati amene amapita kumaiwe a ku Kauma ku Lilongwe asanathire mumtsinje, amakhala ndi fosifolasi ndi nayitrojeni. M'maiko ena anaona kuti m'mapaipi a malo otere mumamera timiyala toyera totseka njira. Atatipima anapeza kuti ndi feteleza. Lero amathira dala mchere wotchedwa magnesium m'thanki kuti timiyalato tipangike mmenemo, nkutiika m'matumba. Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo mu 2017 loti kuyambira 2029 malo akuluakulu oyeretsera madzi a m'zimbudzi azichotsamo fosifolasi, asamutaye.

Mafakitale ofufuta zikopa amagwiritsa ntchito mankhwala a chrome, ndipo gawo lina limatsalira m'madzi. Akathiramo mankhwala ena, chrome uja amadikha pansi ngati matope, iwo nkumusungunulanso nkufufutira zikopa zina. Mafakitale a nsalu nawo amaphwetsa madzi awo kuti apezenso soda. Apa cholinga nchakuti mankhwalawo abwerere m'fakitale, asapite kumunda kapena kumtsinje.

Pamenepa mpofunika kumvetsetsa bwino. Madzi a nzimbe ali ndi chakudya cha mbewu chifukwa anachokera ku mbewu. Koma madzi a m'mafakitale a mabatire, a utoto, a zikopa ndi a m'migodi amatha kukhala ndi zitsulo zapoizoni monga mtovu, chrome ndi mercury. Zimenezi siziwola. Zikalowa m'nthaka zimakhala momwemo, zikalowa m'nsomba zimaunjikana m'thupi mwake, munthu nkudya. Ku Japan kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Minamata. Fakitale ya mankhwala inkatayira madzi a mercury m'nyanja yawo kwa zaka zambiri. Nsomba zinkaoneka bwinobwino, anthu nkumadya. Mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo: anthu kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana kubadwa olumala. Ambiri anamwalira. Pafupi pompa ku Zambia, mu February 2025, damu losungira madzi a asidi a kumgodi wa kopa ku Chambishi linagumuka, madziwo nkulowa mu mtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'madimba zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Choncho munthu asamve nkhani yanga ya potashi nkuganiza kuti madzi alionse otuluka m'paipi ya fakitale ndi manyowa.

Nanga Chisilamu chikuti bwanji?

Tsopano funso lachiwiri la m'bale wanga uja. Ndiligawa patatu.

Poyamba, madzi akuda aja si mowa. Ndi chotsala pambuyo poti choledzeretsa chachotsedwa ndi moto. Palibe amawamwa, ndipo akadutsa m'thanki ya gasi, nkuphikidwa, nkuumitsidwa kapena kuwotchedwa, chotuluka ndi mchere ndi manyowa. Dzina lasintha, maonekedwe asintha, ntchito yasintha. Kusintha kotereku ma ulama amakutcha istihala, ndipo a Hanafi ndi a Maliki amakulandira kuti kumayeretsa chinthu.

Kachiwiri, ambiri mwa ife kuno timatsata madhihabu a Imam Shafi'i, amene pa nkhani ya istihala ndi okhwimitsa. Koma ngakhale munthu atanena kuti chotsalachi ndi najisi, tikumbukire kuti kwa a Shafi'i ndowe ya ng'ombe ndi zitosi za nkhuku nazonso ndi najisi. Komabe mabuku athu amalola kuthira ndowe m'munda, ndipo chimanga kapena tomato womera pamenepo ndi halali. Chofunika ndi kusamba m'manja, kusintha zovala zimene zakhudzidwa tisanaimirire pa Swala, ndi kutsuka ndiwo tisanaphike. Ine sindikuona chifukwa choletsera mlimi wachisilamu kuthira feteleza wotere m'munda mwake. Nkhani ya kugwira ntchito yopanga kapena kugulitsa ethanol wopita ku zakumwa zoledzeretsa ndi ina, ndipo chigamulo cha mowa tonse tikuchidziwa. Amene zikumukhudza akakhale pansi ndi shehe wa kwawo.

Kachitatu, madzi amene ayeretsedwa aja. Ku madrasa tinaphunzira kuti madzi timawayesa ndi zinthu zitatu: mtundu, kakomedwe ndi fungo. Mu 1978 bungwe la ma ulama akuluakulu ku Saudi Arabia linagamula kuti madzi oipa akayeretsedwa mokwanira, mpaka najisi yonse itachoka osasiya mtundu, kakomedwe kapena fungo, amabwerera kukhala oyera, malinga ngati sakuvulaza thanzi la munthu. Mawu omalizawa ndi ofunika, chifukwa mercury ndi mtovu sizinunkha ndipo sizisintha mtundu wa madzi. Diso ndi mphuno zimathandiza pa fiqhi, koma za poizoni zimafuna makina opimira.

Pamwamba pa zonsezi, Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analetsa kuipitsa malo otungapo madzi, analetsanso kuononga madzi pochita wudhu ngakhale munthu ali pamtsinje woyenda. Kutaya potashi mumtsinje ndi kulakwa kuwiri pakamodzi: waononga chuma, wapwetekanso mnzako wa kumunsi. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.

Zoti tichite ife

Musatunge madzi akuda osakonzedwa nkukathira m'dimba. Mphwanga wina anabwera nawo m'zigubu kuchokera ku fakitale ina, atamva kuti ndi feteleza waulere, nkuthira pa tomato wongowokera kumene. Patatha masiku atatu mabedi awiri anali atapserera. Madziwa ndi owawasa ndiponso amchere. Potashi akachuluka mopyola amatchinga mbewu kuti isadye zakudya zina, ndipo nthaka imachita mchere. Akathiridwa pafupi ndi chitsime amalowerera pansi nkuononga madzi akumwa.

Feteleza wochokera ku madzi amenewa akafika pamsika wa kwanu, werengani thumba. Pakhale manambala osonyeza zimene zilimo, dzina la wopanga, ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Kumbukirani kuti mphamvu yake yaikulu ndi potashi ndi manyowa. Sangalowe m'malo mwa Urea pa chimanga. Funsani alangizi, ndipo chaka choyamba yesani pa mizere yochepa, ina muisiye mmene mumachitira nthawi zonse, kuti maso anu aweruze okha pokolola.

Mukaona nsomba zambiri zafa kapena zikubanika pamwamba pa madzi, musadye ndiponso musagulitse. Nsomba yofa yokha ndi halali m'malamulo athu, izo nzoona, koma chovulaza thupi nchosaloledwa, ndipo kugulitsa mnzako chinthu chimene iwe ukuchikayikira ndi chinyengo. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, mtundu wa madzi ndi fungo lake. Amene ali ndi foni ajambule. Tungani madziwo m'botolo loyera, lidzaze mpaka pakamwa, mutseke, muike pozizira. Kenaka dziwitsani a komiti ya pagombe, amfumu, mlangizi wa za nsomba ndi ofesi ya zachilengedwe ya kwa DC tsiku lomwelo, poti madzi amayenda ndipo umboni umapita nawo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo ndi lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, kumene fakitale imayenera kutenga chilolezo isanatayire madzi ake mumtsinje.

Pakabwera anthu ofuna kumanga fakitale kwanu, pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Pitani, musangosiyira amfumu. Musafunse za ntchito zokha. Funsani kuti: madzi anu oipa adzakhala ochuluka bwanji patsiku? Mudzakhala chiyani? Mudzachotsamo chiyani musanawataye? Makina akaonongeka kapena magetsi akazima, madziwo adzapita kuti? Maiwe anu ali kutali bwanji ndi mtsinje, nanga mvula ikagwa ngati ya Freddy mu 2023 adzapirira? Ndani adzapima madziwo, ndipo zotsatira zake tidzaziona kuti? Mafunso amenewa safuna digiri.

Pomaliza, tisaloze chala fakitale yokha. Pakhomo pathu pali timafakitale tating'ono. Madzi otsukira nsomba, matumbo ndi mamba ake, matsukwa a mphale, magazi ndi zam'mimba za mbuzi pa tsiku la Qurbani, zonsezi zikatayidwa pagombe zimachita zomwe zija, kudyetsa tizilombo totha mpweya ndi kuitana ntchentche. Zikaikidwa m'dzenje la manyowa, nkukwiriridwa ndi mapesi, dothi ndi phulusa pang'ono, pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimakhala chakudya cha dimba. Dzenjelo likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime. Madzi oviikamo chinangwa chowawa ali ndi poizoni wa chinangwacho, ndiye asathiridwe m'kadziwe ka nsomba kapena pomwera mbuzi. Phulusa la pamoto musataye kuseri kwa nyumba, ndi potashi ameneyo, kathireni pa nthochi.

M'bale wanga wa usipa uja ndinamuyankha Lachisanu lotsatira. Anamvetsera zonse, kenaka anati, "Ndiye kuti agogo anga ankadziwa kale." Ndinati eya, chidulo ankachidziwa, kungoti sanaone mgolo wa malita 200 ukutuluka pa chigubu chilichonse usana ndi usiku. Ife a kumtunda tiyesetsa kusamala chimene tikuthira mu Lilongwe ndi Diamphwe. Inunso kumeneko yang'anirani Dwangwa, Bua ndi Linthipe, ndipo mukaona chachilendo mulembere kalata ino kuti tonse tidziwe.

Allah atipatse mvula yabwino, adalitse minda yathu ndi maukonde athu, atikhululukire pamene taononga mosadziwa. Aamiin.

Wassalaamu alaikum warahmatullah.